Kabelu ka Utsi ndi Mbaula ya M'chikuta

Nditakhala chaka chathunthu kumudzi, sukulu nditamaliza, achimwene anga anabwera ku Changata kudzandipempha kwa amayi. Akazi awo anali atatopa ndi pakati poyamba, ndipo pankafunika wina wotunga madzi, kuchapa ndi kuphika. Amayi sanandifunse maganizo anga, ndipo zinandikomera choncho, chifukwa akanandifunsa ndikanangoyang'ana pansi. Ndinkafuna kupita. Ndinali ndisanagonepo m'nyumba ya magetsi.

Achimwene anali kalipentala pa esiteti ya tiyi. Ankakhala m'nyumba ya kampani, m'laini ya amisiri, kumunsi kwa fakitale. Ukaima pakhonde umaona minda ya tiyi yokhayokha mpaka kumitengo ya bulugamu, ndipo mphepo ikachokera kufakitale zovala za pachingwe zinkanunkhira tiyi. Nyumba zonse za m'lainimo zinali zofanana kunja, koma yathu mkati inali ina. Achimwene anali ataika siling'i ya zidutswa za matabwa zotsala kuntchito, atamata m'mbali mwa mawindo, ndipo timabowo ta mpweya tomwe amisiri anasiya pamwamba pa khoma anali atatitseka ndi timatabwa, ati mumalowa fumbi ndi mileme. Chitseko chinkatsekeka ngati chivundikiro cha botolo. Ankanyadira zimenezi. Mlendo akabwera ankamuuza kuti aike dzanja pawindo, amve ngati pakudutsa kamphepo.

Kabelu ka utsi kanabwera nditakhalako kale pang'ono. Pa esiteti ankakonza nyumba ya alendo, ndipo anachotsa mabelu akale ochenjeza za moto kudenga n'kuika atsopano. Akalewo anawaunjika m'katoni. Achimwene anapempha kamodzi kwa akapitawo awo, n'kukagulira batire. Kanali koyera, kozungulira ngati kambale kovundikira, kali ndi kagetsi kofiira komwe kankaphethira pakapita kanthawi. Atakakhoma pabalaza anatiitana ine ndi alamu anga, anayatsa chidutswa cha nyuzipepala n'kuchikweza m'mwamba. Kabeluko kanalira mokweza moti ndinagwira makutu, ndipo ana a m'laini yonse anathamangira pakhomo pathu.

Panyumba yoyandikana nafe pankakhala banja la Chisilamu. Bambo ake ankayendetsa galimoto yonyamula anthu ndi katundu kupita kumsika, mayi ake ankaphika mandasi. Mayiwo ife tinkangowatchula kuti aneba. Tsiku limenelo anasuzumira pakhomo manja ali ufa okhaokha, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti, "Akalipentala, mwatenga mkazi wachiwiri wolongolola chonchi, woyambayu asanachire n'komwe?" Achimwene anaseka n'kuyankha kuti ameneyu ndi mlonda, sagona ndiponso sapempha tiyi.

Mwana anabadwa m'nyengo yozizira, kuchipatala cha ku Makwasa. Anali mtsikana, wochepa thupi, ndipo anamwino anatsindika kuti asazizidwe. Amayi awo a alamu anabwera kuchokera ku Nsabwe kudzasamala chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba. Anali mayi oonda, olankhula motsitsa, ndipo nkhani ikakhala yaikulu ankaiyamba m'Chichewa n'kuimaliza m'Chilomwe. Malamulo awo anali omveka: khanda lisatuluke panja mchombo usanagwe, alendo asaligwire, ndipo mphepo isalowe kuchipinda. Achimwene anasamutsa mphasa yawo n'kumagona pabalaza. Ine ndinkagona kuchipinda ndi alamu, amayi awo ndi khandalo.

Popeza mkamwini ndi apongozi sayang'anizana polankhula, mawu awo ankadutsa mwa ine. Agogo, monga tinayamba kuwatchula mwana atabadwa, akakhala ndi nkhani ankandituma pabalaza, ngakhale kuti chitseko chinali chotsegula ndipo achimwene anali atamva kale zonse. Ine ndinkapita, n'kugwada, n'kubwereza. Achimwene ankayankha mokweza pang'ono, ine n'kubwerera kukanenanso. Ndinkasamala kwambiri kuti ndisasinthe liwu ngakhale limodzi.

Chiperoni, kuzizira kuja kwa chifunga ndi kamvula, chitayamba, agogo anandituma kuti ndikanene kuti kuchipinda kukufunika mbaula. Achimwene anati ndikawauze kuti iwo anamvapo za anthu omwe anagona ndi mbaula m'nyumba osadzukanso, ndipo utsi wa makala ndi woopsa. Agogo anati ndikanene kuti ana awo onse anawalera ndi moto m'nyumba, ndipo onsewo ali moyo, mmodzi ndi amene mwamukwatirayu. Zimenezi ndinazinena nditayang'ana pansi. Zinali zoona ndithu, ndipo ngakhale kwathu ku Changata tinkaotha moto m'nyumba. Palibe aliyense wa ife anaganizira kuti nyumba za kumudzi ndi zaudzu, ndipo mphepo imalowa ndi kutuluka paliponse.

Achimwene ndiwo anapeza njira yoti aliyense akhutire. Anachotsa kabelu pabalaza n'kukakhoma kuchipinda, pamwamba pa bedi. Anati mbaula iziyatsidwa panja, idikire mpaka utsi wonse uthe, kenako ilowe. Kabelu kakalira, ituluke msanga. Kakakhala chete, ndiye kuti mpweya uli bwino. Agogo anavomera. Ntchito ya mbaulayo inakhala yanga.

Ulendo woyamba ndinafulumira nayo. Khala limodzi linali lisanapse bwino, ndipo nditangolowa kabelu kanalira, khanda linadzidzimuka, agogo n'kundiyang'ana. Ndinachita manyazi kwambiri moti tsiku lonse sindinadye bwino. Kuyambira pamenepo ndinaiphunzira mbaula ngati phunziro la mayeso. Ndinkasankha makala ouma, olira ngati galasi ukawagunditsa. Ndinkawaphwanya kuti akhale ofanana, ndinkachotsa aliwonse okhala ndi khungwa, ndipo ndinkakupiza ndi chivundikiro cha poto mpaka onse afiire n'kuyamba kuvala phulusa loyera. Ndikalowa nayo ndinkayenda pang'onopang'ono maso ali kudenga. Kabelu sikanalirenso. Alamu, amene chibadwire mwana anasiya kunditchula dzina n'kumanditchula kuti azakhali, ankati, "Azakhali ake a mwana moto amaudziwa." Agogo tsiku lina anandiuza kuti mwamuna amene adzanditenge sadzagona ndi njala. Ndinasangalala mumtima masiku angapo.

Mutu unayamba kutipweteka tonse atatu. Sunali mutu woopsa, unkangogunda m'mbali ngati wina akugogoda ndi chala. Alamu ankati ndi magazi omwe anataya pobereka. Agogo ankati ndi chimfine cha nyengo ino. Ine ndinkaganiza kuti ndi tulo tosakwanira. Ndikapita kumpopi ndi ndowa unkayamba kuchepa, ndipo pobwerera ndinkakhala nditauiwala. Achimwene ankakhala kuntchito tsiku lonse n'kugona pabalaza, ndiye iwo sankamva kanthu.

Lachisanu lina ndinachapa matewera ambiri kuti pa Sabata ndisagwire ntchito, koma dzuwa silinatuluke. Kutacha, chifunga chinali chitaphimba minda yonse, moti mitengo ya bulugamu sinkaoneka, ndipo kamvula kaja kosamveka padenga kankangowaza. Matewera onse anali onyowa. Agogo anati ndikabwereke mbaula yaikulu ya aneba, ya mandasi ija, kuti tiyanike matewera kuchipinda. Ndinayatsa mbaula ziwirizo pakhonde, ndinadikira mpaka utsi utatheratu, n'kuzilowetsa imodziimodzi. Kabelu kanali chete. Ndinamanga chingwe kuchokera pamsomali wa windo kufika pachitseko n'kuyanika.

Achimwene ndi agogo anakonzeka kupita kutchalitchi, achimwene patsogolo, agogo m'mbuyo patali ndithu monga mwa masiku onse. Asanatuluke, agogo anapinda chitenje chakale n'kundionetsa kuti ndichitsekere kunsi kwa chitseko. Anandiuza kuti chitseko chisamatsegukenso mwachisawawa, ndipo anabwereza za khanda, kuti mchombo uli pafupi kugwa, tisaononge zinthu kumapeto.

Kuchipinda kunafunda bwino. Alamu anayamwitsa mwana n'kugona chammbali, ndipo anandipempha kuti ndiziwawerengera phunziro la Sabata. Ndinawerenga ndime zingapo. Kenako zilembo zinayamba kusuntha, ndipo ndinapezeka ndikubwereza mzere womwewo. Alamu sanandikonze, chonsecho ankakonda kundiseka ndikalakwitsa. Mutu unkagunda kuposa masiku onse, ndipo m'mimba munayamba kutembenuka. Ndinkafuna kungogona pamphasa. Chomwe chinandidzutsa chinali mantha oti ndingasanze m'chipinda cha alamu anga, pafupi ndi matewera oyera. Ndinachotsa chitenje chija, ndinatuluka, n'kutsekanso bwinobwino.

Miyendo inali ngati si yanga. Ndinafika kumpanda wa maluwa kuseri n'kusanza, kenako ndinakhala pamwala wochapira, kamvula kakundiwaza kumaso. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Kuzizira kunandilowa m'mafupa, koma m'maso munayamba kuyera. Ndili pomwepo ndinakumbukira za kumpopi, kuti nthawi zonse mutu unkandisiya ndikakhala panja n'kundipezanso ndikalowa. Ndinakumbukiranso kuti khanda lija, lomwe silinkatha nthawi osalira, linali lisanalire chichokereni anthu kutchalitchi.

Nditalowanso, kutentha kunandimenya kumaso. Munalibe utsi ngakhale pang'ono, munkangomveka fungo la sopo wa matewera. Alamu anali atagona kukamwa kuli yasa. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawagwedeza phewa, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo, ndipo anayankha ngati ali kutali, ati ndiwasiye, atopa. Ndinagwira kadzanja ka mwana. Kanali kofunda, koma nditakakweza n'kukasiya kanangogwa. Ndinayang'ana kudenga. Kagetsi kofiira kanaphethira monga mwa nthawi zonse.

Ndinayamba ndi zomwe palibe anandiletsa. Ndinatulutsa mbaula zonse ziwiri n'kuziika pabwalo pamvula. Ndinasiya chitseko cha kuchipinda ndi cha pabalaza zili zotsegula. Windo linandivuta, chifukwa linali lisanatsegulidwe chiyambireni kuzizira, koma ndinalimenya ndi chigongono mpaka linatseguka. Kenako ndinaima pafupi ndi bedi. Mawu a agogo ndinali nawo onse m'mutu, a Chichewa ndi a Chilomwe omwe. Chibadwire ndinali ndisanaphwanyepo lamulo la munthu wamkulu ndikudziwa. Ndinakulunga mwana m'bulangeti, ndinamunyamula, ndipo pakhomo lotulukira panja ndinaimanso pang'ono. Kenako ndinadutsa pabwalo kupita kwa aneba.

Ndinawapeza akukanda ufa. Ndinalephera kufotokoza bwino, ndinangoti mwana sakudzuka, alamunso sakudzuka, koma kabelu sikanalire. Anapukuta manja pachitenje, anatsegula bulangeti, anamutsina mwana kuphazi. Mwana anakwinya nkhope n'kutulutsa kamawu kochepa.

"Mbaula yanga ija munailowetsa m'nyumba?" anandifunsa.

Ndinavomera.

"Ine ndimayesa mukuyanikira pakhonde. Tiyeni."

Anaitana amuna awo, omwe anali asanatuluke ndi galimoto chifukwa cha chifunga. Awiriwo anawagwira alamu uku ndi uku n'kuwatulutsira pakhonde. Mphepo itawawomba, alamu anatsegula maso, anasanza, n'kuyamba kufunsa kuti mwana ali kuti, ndipo ndani wamutulutsa. Aneba anawauza kuti mafunso akafunsira kutsogolo. Anatuma mwana wawo wamkulu kutchalitchi, ife n'kukwera galimoto. Bambo aja anayendetsa mawindo ali otsegula, magetsi akuyaka masana, ndipo ine ndinakhala kumbuyo nditamukumbatira mwana, ndikumuyang'ana pamphuno njira yonse.

Kuchipatala anatilandira msanga. Mwana anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno, alamu anawaveka chophimba kukamwa cholumikiza ku botolo lalikulu, ndipo ine anandikhazika pabenchi pafupi ndi windo, n'kundipatsanso mpweya womwewo kwa kanthawi. Patapita nthawi ndinamva kulira kuseri kwa katani. Kunali kulira kwake komwe, kokwiya, kodukizadukiza. Ndinagwira benchi ndi manja awiri.

Achimwene anafika atavala jekete la ku tchalitchi, nsapato zili matope. Anali atadutsira kunyumba, ndipo m'thumba anali ndi kabelu kaja. Ataona kuti mkazi wawo ndi mwana ali maso, anakatulutsa n'kuwaonetsa anamwino, mayi achikulire ovala magalasi. Achimwene anati sakumvetsa, mwina kanafa. Anadina kabatani ka pakati, ndipo kanalira m'khonde monse mpaka odwala anadzuka pamabedi. Anamwino anatseka khutu limodzi n'kunena kuti, "Bambo, tamva, ndi kamoyo. Kazimitseni musanatithamangitsire odwala."

Kenako anatikhazika pansi n'kutifotokozera modekha. Anati kabeluko sikanalakwe, kanagwira ntchito yomwe anakapangira, yomva utsi nyumba ikamapsa. Koma chomwe chimapha anthu pa mbaula si utsi. Ndi mpweya wina wotuluka m'makala, womwe iwo amautchula kuti kaboni monokisaidi, wosaoneka, wosanunkha, wosatsokomoletsa. Makala ofiira bwino, opanda utsi, amautulutsabe mpaka atazima. M'nyumba yotsekeka umangochuluka, ndipo munthu amamva mutu, nseru ndi tulo, n'kugona osadziwa kuti akudwala.

Achimwene anafunsa ngati kulibe kabelu kena komva mpweya umenewo. Anamwino anati kaliko, kamagulitsidwa m'tauni, ndipo ndi kabwino kukhala nako. Koma anati nakonso kali ndi malire ake. Kamadikira kuti mpweyawo uchuluke kapena ukhalitse kasanalire, ndipo khanda laling'ono chonchi lingathe kuvulala kasanatsegule pakamwa. Kamamva mpweya wofika pomwe kali pokha, osati wa kuseri kwa chitseko chotseka. Batire likatha kamangokhala ngati chokongoletsa, ndipo tonse timeneti timakalamba, n'chifukwa chake mwina pa esiteti anachotsa akalewo. Anamaliza ndi mawu omwe ndimawakumbukirabe: "Kabelu kakalira, thawani. Koma kakakhala chete, sikananene kuti muli bwino. Mbaula malo ake ndi panja."

Achimwene anakatembenuza kabeluko m'manja kangapo n'kukabwezera m'thumba. Anandifunsa ngati mutu wasiya. Ndinati wasiya, ngakhale unali usanasiyiretu.

Agogo anafika mochedwerapo, chifukwa anayenda wapansi mbali ina ya njira. Ine ndinali ndikuwaopa kuyambira pomwe ndinadutsa pakhomo paja. Analowa, anamuyang'ana mwana akuyamwa, anawagwira alamu pachipumi, kenako anadzakhala pabenchi pafupi nane. Ndinatsetsereka n'kugwada pansi, ndipo ndinawauza kuti ndine ndinamutulutsa mwana. Anati akudziwa, aneba awauza. Kenako anati chikuta chimasungidwa kuti mwana akhale moyo, ndipo ndidzuke pansipo, simenti ndi yozizira.

Alamu ndi mwana anagona kuchipatala kuti awaonebe, ndipo anatuluka madokotala atakhutira kuti onse ali bwino. Tisanachoke, anamwino aja anatiphunzitsa njira ina yofunditsira khanda. Mwana amamuvula n'kutsala ndi thewera ndi chipewa, amamuika pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudza khungu, n'kumumanga ndi chitenje, pamwamba n'kuvala juzi. Agogo anaonerera mosamala, anafunsa ngati mwana sangabanike, ndipo anamwino anawaonetsa mmene mutu umakhalira chammbali. Anati aliyense wa m'nyumba angathe kutero, ngakhale bambo ake. Achimwene anayang'ana kumbali, alamu n'kuseka koyamba chichitikireni zija.

Titabwerera, chiperoni chinali chikadalipo. Achimwene anakwera pampando n'kuchotsa timatabwa tonse ta m'mabowo a mpweya, ndipo kabelu anakabwezera pabalaza, ati moto wa magetsi ukhoza kubuka tsiku lina, pamenepo kadzathandiza. Mbaula inakhala pakhonde. Matewera tinkayanika komweko, ndipo osauma ndinkawasita. Kuchipinda kunali kozizira, moti m'mawa tikamalankhula pakamwa pankatuluka nthunzi. Agogo ankadandaula za mawondo awo, ndipo ankapita kukaotha panja ndi aneba, n'kumakambirana za mtengo wa ufa.

Mchombo unagwa patangopita masiku ochepa. M'mawa wake alamu ankafuna kukasamba, ndipo anayang'ana uku ndi uku kuti mwana amusiyire ndani. Agogo anandiuza kuti ndivule juzi ndi bulauzi. Ndinachita manyazi, koma ndinavula. Anamuika mwana pachifuwa panga, anazunguliza chitenje kawiri n'kumanga mfundo kumsana, mwamphamvu ngati akumanga mtolo wa nkhuni, kenako anandiveka juzi la achimwene pamwamba. Anandiuza kuti ndisawerame, ndipo ndikamva kuti wanyowetsa ndisadzidzimuke.

Ndinakhala pamphepete pa bedi, msana uli chilili, osayerekeza kusuntha. Mapazi ake anali ozizira pamimba panga. Pang'onopang'ono anafunda, ndipo ndinkamva kupuma kwake pakhosi panga, kofulumira, kenako kodekha. Alamu atabwera kosamba anapeza mwana ali m'tulo, ndipo anati ndikhale naye kaye choncho, iwo amwe tiyi.